MLENDO NDIYE ADZA NDI KALUMO KAKUTHWA

Mawu olankhulidwa kwa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma a m'mphepete mwa nyanja, m'boma la Salima



Nkhani ya lero ndi ya wachinyamata amene wafika pagombe la nyanja ino ndi kachikwama kamodzi m'manja, atathawa kapena atathamangitsidwa kumene anali, ndipo akufuna kuyamba malonda kuti adzidyetse yekha. Achinyamata otere alipo ku Senga Bay, ku Lifuwu, ku Chikombe, ku Chipoka ndi ku Ngodzi. Ena ndi ana a m'boma lomwe lino amene anapita ku Joni nabwerako chimanjamanja. Ena ndi ochokera m'maboma ena, amene madzi osefukira kapena njala zinawasamutsa. Funso limene lili pamaso pa mtsogoleri aliyense n'lakuti: kodi munthu wotere akafika pabwalo la mfumu, pa ofesi ya Boma kapena kwa wapampando wa nthambi, amapeza khomo lotsegula kapena lotseka? Pakuti mavuto a m'njira, njala, usiku wa pamalire ndi kugona panja, amakhala atawagonjetsa kale yekha. Chimene sangachigonjetse yekha ndi munthu wokhala pampando amene wasankha kumuchedwetsa.

Poyamba n'kofunika kukumbutsana kuti gombe lino silinakhalepo lopanda alendo. Makolo a Achewa anachokera kutali ku Uluwa, dziko limene lero lili m'kati mwa Congo, ndipo Kalonga anadzamanga likulu lake ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, ulendo waufupi kuchokera pano. M'zaka za m'ma 1800 kunafika Ayao ndi malonda awo, ndipo mafumu awo alipo mpaka lero, akuweruza anthu mwamtendere pamodzi ndi mafumu a Achewa. Njanji itafika ku Salima mu 1935 inakoka akalaliki, amisiri, onyamula katundu ndi ogulitsa zakudya ochokera kumwera. Munthu amene amadziguguda pachifuwa kuti iye yekha ndiye mwini gombe ayambe wafunsa agogo ake kumene unakwiriridwa mchombo wa agogo awo. Adzamva dzina la dziko lina.

Chitsanzo chimene chiyenera kuphunziridwa mofatsa chili pafupi, pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. M'zaka za m'ma 1950 kunabwera asodzi ochokera ku Likoma ndi makoka awo, atamva za kuchuluka kwa utaka pachilumbapo. Iwo anali alendo. Mfumu ikanatha kuwabweza, ndipo palibe amene akanaidzudzula. Ikanathanso kuwalekerera kuti achite zimene afuna, bola aziitumizira nsomba zandiwo. Koma mfumu sinachite ziwiri zonsezi. Inawalandira, niwalola kukocheza ngalawa zawo, koma inawaikira malamulo omveka, ofanana kwa mlendo ndi kwa mwini mudzi.

Malamulowo akugwirabe ntchito mpaka lero. Chilumba chimatsekedwa mu Disembala, mvula ikayamba, ndipo chimatsegulidwa mu Epulo pamwambo umene mfumu imatsogolera pagombe la Chikombe. M'miyezi imeneyi palibe woponya khoka. Nsomba zimaswana mwamtendere, ndipo msodzi amabwerera kumudzi kukagwira khasu, kuti banja lake lisadzadye nsomba popanda nsima. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndiponso zida zosesa ndi tiana ta nsomba tomwe n'zoletsedwa. Amayi sawoloka kupita kuchilumbako, amagulira nsomba kumtunda; lamulo limeneli ena amalitsutsa masiku ano, ndipo imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuchotsedwa pachilumba, ndipo pomuweruza safunsidwa kumene anabadwira.

Chotsatira chake n'chakuti, pamene m'magombe ambiri a nyanja ino nsomba zachepa, ndipo chambo chasanduka ndiwo ya anthu olemera, ku Mbenji utaka ukupezekabe, ndipo chaka ndi chaka kumasonkhana asodzi mazanamazana ochokera m'maboma osiyanasiyana a m'mphepete mwa nyanja. Akatswiri a ku Mzuzu University pamodzi ndi anzawo a ku Scotland anafufuza za chilumbachi, napeza kuti utaka wa kumeneko ndi wonenepa kuposa wa m'madzi oyandikana nawo. Tsono atsogoleri aone bwino chimene mfumu ija inachita. Inatsegula khomo, ndipo inanena poyera chimene chili chololedwa ndi chimene chili choletsedwa. Mnyamata wobwera ndi khoka lake ankadziwiratu mwezi woyamba ntchito, mwezi wolekeza, mlandu umene angapalamule ndi bwalo lokadandaulako. Munthu amene angathe kuwerengeratu za mawa salephera kuika ndalama zake pamalonda. Amene sadziwa ngati mawa adzathamangitsidwa amadya phindu lake lonse lero lomwe, ndipo anthu amamutcha wosakaza.

Khoka la chilimila, limene lero ladzaza m'magombe onse a Salima, silinabadwire kuno. Linafalitsidwa ndi asodzi a ku Likoma ndi Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo ambiri a iwo anagula makoka awo oyamba ndi ndalama zimene anavutikira m'migodi ndi m'makhitchini a ku Rhodesia ndi ku Joni. Anyamata a kuno anayamba ngati opalasa ndi okoka chingwe m'mabwato a alendowo, naphunzira kuwerenga madzi ndi mphepo, kusoka khoka ndi kukhoma bwato lamatabwa, ndipo zidzukulu zawo lero ndi eni zida. Akuluakulu sananame pamene ananena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Ngakhale mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, anachoka ku Kasungu ali mnyamata cha m'ma 1915, nayenda pansi mpaka ku Hartley m'dziko la Rhodesia kumene anagwira ntchito yonyozeka pachipatala, kenaka anakagwira ntchito kumigodi ya kufupi ndi Johannesburg, asanapite ku America mu 1925. Amene anamuona masiku amenewo anangoona kamnyamata kachilendo kopanda nsapato.

Dziko lino linayesedwapo kale pankhani yolandira ana ake obwera mwadzidzidzi. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 amene anali kubwerera kwawo kuchokera kumigodi anafera pomwepo. Boma linaletsa Wenela kulemba anthu ntchito m'dziko muno. Pa nthawi imeneyo Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, ndipo m'zaka ziwiri zokha pafupifupi onse anali atabwerera kumudzi. Kulemba anthu kunayambanso mu 1977 kudzera ku TEBA, koma mochepa, ndipo kunatheratu mu 1988. Anthu achikulire amene ali pano akukumbukira amuna aja akutsika pasiteshoni ndi masutukesi, njinga zakapalasa, mawayilesi ndi makina osokera.

Kodi anthu amenewa anathera kuti? Ambiri analowa m'maesiteti a fodya, kumene malipiro anali ochepa ndipo moyo unali wowawa. Zimenezi siziyenera kubisidwa. Koma m'boma lino munali mwayi wina. Ntchito yotukula dera la m'mphepete mwa nyanja m'Chigawo cha Pakati inayamba mu 1968 ndi chithandizo cha dziko la West Germany, ndipo inabweretsa alangizi, ngongole za zipangizo zaulimi, misewu ndi zitsime. Ku Chinguluwe kunali sikimu yokhazikitsa alimi a thonje ochokera m'madera osiyanasiyana, ku Lifuwu kunali mpunga. Munthu wobwera ndi kandalama kake ka kumgodi amapeza poyambira: wina munda wathonje ndi ng'ombe zolimira, wina kagolosale, wina tiyirumu pamsika, wina chigayo, wina khoka. Njanji yopita ku Lilongwe itatsegulidwa mu 1979, msika wa likulu la dziko unayandikira. Amene analandiridwa bwino ndi mafumu ndi alangizi anazika mizu. Amene anakumana ndi mnyozo ndi kulandidwa ndalama ndi abale anagulitsa njinga, kenaka wayilesi, kenaka jekete, ndipo ena anazemba kubwerera kumwera nasanduka matchona.

M'zaka zomwezo munachitikanso chinthu china chimene chili ndi phunziro lowawa. Kuyambira mu 1970 amalonda achimwenye analamulidwa kuchoka m'midzi ndi m'misika ing'onoing'ono, ndipo pofika mu 1978 analoledwa kuchita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Cholinga chinali chakuti Amalawi atenge masitolowo. Ena anatengadi ndipo anapambana. Koma masitolo ambiri anatsekedwa patangopita zaka zochepa, ndipo nyumba zake zinakhala mabwinja, chifukwa eni atsopanowo analibe mpamba wokwanira, analibe wowakongoza katundu, ndiponso sanaphunzitsidwe kulemba mabuku a malonda. Kuchotsa mlendo pakhonde la sitolo sikunasandutse mwini mudzi kukhala wamalonda. Aliyense amene masiku ano amauza achinyamata kuti umphawi wawo udzatha akathamangitsa obwera pagombe, apite akaone mabwinja amenewa.

Tsono ndi nthawi yoti nkhani ifike pa ana a lero. Wenela inatha, koma ulendo wa ku Joni sunathe. Mnyamata wa ku Maganga kapena kwa Pemba amagulitsa mbuzi za amayi ake, amakongola ndalama zakatapila, nakwera basi kapena galimoto ya transipota kudzera ku Dedza kapena ku Mwanza, ku Tete, ku Nyamapanda, mpaka ku Beitbridge. Akafika amagwira ntchito m'munda wamaluwa wa munthu, m'sitolo, pomanga nyumba kapena posoka zovala, ndipo masiku a pasipoti yake akatha amakhala ngati mbewa yoopa mphaka. Akagwidwa amatsekeredwa ku Lindela pafupi ndi Krugersdorp kudikira kubwezedwa. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa m'zipolowe zodana ndi alendo m'dzikolo. Mu Epulo 2015 zipolowe zinabukanso ku Durban, ndipo Boma linatumiza mabasi kukatenga Amalawi zikwizikwi amene anasiya katundu wawo yense m'mbuyo. Mu 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, enanso ambiri anabwera ntchito zitatha. Kumbali ya kuno, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasowetsa pokhala anthu oposa 600,000 m'Chigawo cha Kumwera, ndipo mu 2024 nyanja yomwe ino inakwera nimiza nyumba, minda ndi malo ochitira malonda m'magombe a Salima. Onsewa ndi anthu ozulidwa pamene anali.

Chimene chimapweteka wobwerera kuchokera ku Joni koposa njala ndi manyazi. Mudzi wonse unamuperekeza ndi chiyembekezo cha nyumba yamalata, ndipo lero wabwera ndi jumbo. Pachitsime amamunena, pabawo amamuseka, wakatapila amamudikira pakhomo. N'chifukwa chake ambiri sagona miyezi itatu. Amakongolanso nabwerera kumoto komwe anathawa. Komatu munthu ameneyu sanabwere wopanda kanthu. M'manja mwake muli luso la kuwotcherera zitsulo, kuyala matayilosi, kukonza mafoni, kuphika zakudya za alendo kapena kusunga sitolo kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Waphunzira kusunga nthawi, waphunzira kuwerengera ndalama iliyonse chifukwa kumeneko kunalibe malume womupempha. Luso limeneli dziko silinalipire kanthu kuti liphunzitsidwe, ndipo n'zomvetsa chisoni kuliona likuwola pansi pa mtengo wa mango.

Ogwira ntchito m'maofesi ayenera kudziwa mmene mpamba umabadwira pagombe, kuti adziwenso mmene umafera. Mnyamata wopanda kanthu amayamba ngati mmodzi wa anthu pafupifupi khumi ogwira ntchito pachilimila. Amanyamuka madzulo, usiku wopanda mwezi, ndipo siginala amatsogola m'bwato lake ndi nyale zokopa usipa, pamene anzake amazinga khoka. Kale nyalezo zinali za palafini, lero ndi mababu oyendera batire. Kukacha nsomba zimagulitsidwa pamchenga pomwepo, ndipo kawirikawiri amayamba achotsa ndalama zamafuta a injini, zotsalazo n'kugawa pakati, gawo lina la mwini zida, lina la antchito onse. Usiku wina gawo la munthu limakwana kugula thumba la chimanga, usiku wina silikwana ndi sopo yemwe. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira, mabwato amakhala kumtunda masiku angapo, ndipo zimene munthu anasunga zimathera m'mimba.

Wopirira amasunga pang'onopang'ono mpaka atagula ndowa zingapo za usipa payekha. Apa ndiye wasanduka wamalonda. Amafutsa usipawo kapena kuuyanika pathandala, amaulongedza m'matumba, naukweza pagalimoto kupita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kapena kupitirira mpaka ku Mchinji. Phindu lake lili pa kusiyana kwa mtengo wa pagombe ndi wa mumzinda, ndipo kusiyanako n'kochepa kuposa mmene anthu a m'maofesi amaganizira. Mvula ikagwa usipa uli pathandala, mpamba wonse wapita. Akafika mumzinda tsiku limene magombe onse apha, mtengo umagwa. Tsono pamwamba pa zonsezi aikepo munthu wina womuimitsa panjira kufuna ya fanta, wina pamsika womudulitsa chiphaso kawiri, wina pagombe womulipiritsa malo a thandala mowirikiza chifukwa ndi wobwera. Ndalama zimenezi kwa wozilandira ndi zochepa, koma kwa mwini malonda ndiwo mpamba wa ulendo wotsatira.

Atsikana ndi amayi achichepere obwera pagombe ali ndi mtanda wawo wapadera. Nsomba zikachepa, asodzi ena amagulitsa kwa mkazi yekhayo amene wavomera kugona nawo. Mchitidwe wonyansawu ukudziwika m'magombe a nyanja ino, ndipo umagwera kwambiri mkazi amene alibe mbale womuimira. A bungwe la Amayi ndi makomiti a m'magombe, amene lamulo la zausodzi la 1997 linawapatsa mphamvu zoyang'anira usodzi pamodzi ndi Boma, asayembekeze kuti wovutikayo abwere yekha kudzanena, pakuti sadzabwera.

Pali chinthu china chaching'ono chimene chimatsekereza achinyamata ambiri, ndicho chiphaso cha unzika. Kalembera wamkulu wa ziphasozi anachitika mu 2017, pamene ana ambiri a boma lino anali ku South Africa. Wopanda chiphaso sangalembetse nambala ya foni, sangatsegule buku kubanki, sangalandire ngongole ya Boma. Kuti achipeze afunika umboni wa kumudzi ndi ulendo wa ku boma, ndipo akauzidwa kuti abwere mawa, mawa limenelo limamudyera tsiku lantchito ndi ndalama zoyendera. Kalaliki amene amanena mawu oti "mubwere mawa" katatu kwa munthu mmodzi mwina sadziwa kuti watseka sitolo imene inali isanatsegulidwe.

Za ngongole ziyenera kunenedwa mosabisa mawu, ngakhale zipweteke ena. Maboma onse a dziko lino ayesa kuthandiza amalonda ang'onoang'ono: kunali SEDOM mu 1982, MARDEF mu 2005, YEDEF mu 2010 ndi NEEF mu 2020. Mayina asintha, koma nthenda yakhala imodzi. Ngongole zambiri zinaperekedwa ngati mphatso yothokoza ovina pamisonkhano, ndipo olandirawo sanaone chifukwa chobwezera. Thumba likauma, wovutika ndi mnyamata uja amene ali ndi makina owotcherera m'maganizo koma alibe womulembera dzina. Wapampando wa nthambi amene amadzaza mndandanda ndi mayina a akazi ake, alamu ake ndi adzukulu ake sakuthandiza Chipani, akuchikumbira dzenje. Amayi a banki m'khonde, amene sanapite kusukulu ya zachuma, amabweza ngongole zawo mokhulupirika chifukwa amakongoza munthu poona ntchito yake, ndipo m'magulu mwawo wobwera amalandiridwa akangoonetsa khalidwe. Pamenepa ophunzira aphunzire kwa osaphunzira.

Kuti zimveke bwino kuti wachinyamata wozulidwa kwawo angathe kufika pati, n'koyenera kukweza maso kuyang'ana kumapiri a Dowa, boma loyandikana ndi lino. Kumeneko kuli Dzaleka, malo amene kale anali ndende, ndipo mu 1994 anasandutsidwa msasa wa anthu othawa nkhondo. Msasawo unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma muli anthu oposa 50,000, ambiri a iwo ochokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda. Mmodzi wa amene anakulira mumsasamo ndi Remy Gakwaya, amene anathawa ku Burundi ali ndi zaka 15 bambo ake ataphedwa. Iye anaphunzira ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta mumsasa momwemo, ndipo mu 2016 anayambitsa sukulu yake yotchedwa TakenoLAB ndi ophunzira 6. Makompyuta kunalibe okwanira. Tsono iye anasindikiza papepala chithunzi cha mabatani a kompyuta, napatsa ophunzira ake kuti azikaphunzira kutayipa kunyumba, zala zikugunda papepala. Pambuyo pake mabungwe anaona khama lake namuthandiza ndi zipangizo, ndipo pasukulupo panaphunzira othawa kwawo pamodzi ndi ana a m'midzi yozungulira.

Winanso ndi Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika ndi dzina loti Menes la Plume, mlakatuli wochokera ku Lubumbashi, chigawo chomwe chija kumene mbiri imati makolo a Achewa anachokera. Mu 2014 iye anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mumsasamo, chimene chinayamba kukoka oimba ndi alendo ochokera ku Lilongwe ndi kunja kwa dziko. Alendowo amagona m'nyumba za othawa kwawo molipira, amadya m'malesitilanti awo, amagula zosoka ndi zosema zawo. Malo amene anthu ankawaopa anasanduka msika.

Apa pafunika kusamala mawu. Othawa kwawo ali pansi pa lamulo lawolawo la 1989, ndipo ndondomeko ya dziko lino yakhala yakuti azikhala mumsasa. Mu 2023 amene ankachita malonda m'mizinda ndi m'maboma analamulidwa kubwerera ku Dzaleka. Kusintha lamulo ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo, ndipo mtsogoleri wa nthambi kapena kalaliki wa pa boma alibe mphamvu yolichotsa kapena kuliwonjezera. Koma pa nthawi imeneyo panamveka madandaulo a katundu wotayika ndi anthu ozunzidwa, ndipo zimenezo palibe lamulo limene linazilamula. Dziko lino ndi lomwe lija limene linasunga anthu a ku Mozambique oposa 1,000,000 pa nthawi ya nkhondo ya kwawo, mpaka mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo mbiri yabwino imeneyo isadetsedwe ndi dyera la anthu ochepa. Chimene Dzaleka ikuphunzitsa Salima n'chakuti ngati mnyamata wotsekeredwa mumsasa, wopanda munda ndi wopanda mbale, anayambitsa sukulu ndi pepala, mwana wa dziko lino amene ali ndi ufulu wonse angachite zoposa, akangochotseredwa miyala imene anthu anzake amamuikira panjira.

Ndipo ufuluwo ndi wolembedwa. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, m'ndime 29, amapatsa munthu ufulu wogwira ntchito, wochita malonda ndi wopeza zosowa za moyo wake paliponse m'Malawi, ndipo ndime 39 imamupatsa ufulu woyenda ndi wokhala kumene afuna m'dziko muno. Mtonga wa ku Nkhata Bay, Mlomwe wa ku Phalombe kapena Msena wa ku Nsanje akafika ku Senga Bay sali kudziko la eni. Mawu oti "obwera" akayamba kumveka pamsonkhano wa nthambi, wapampando awadule msanga, pakuti Amalawi amene anathamangitsidwa ku Durban anathamangitsidwa ndi mawu omwewo m'chilankhulo china. Kunena izi sikutanthauza kuti mlendo achite zofuna zake. Woponya neti ya udzudzu m'madzi, wopha nsomba m'nyengo yotseka, wodula mitengo ya m'phiri mosaloledwa kuti awambire nsomba, alangidwe monga lamulo linenera. Koma chilango chake chikhale chofanana ndi cha mphwake wa mfumu akapalamula mlandu womwewo, monga mmene zimakhalira ku Mbenji.

Ntchito imene ili patsogolo siifuna ndalama zochokera ku Lilongwe. Wapampando wa nthambi iliyonse, mothandizana ndi nyakwawa, adziwe achinyamata amene abwerera kapena afika kumene m'dera lake, ndipo polemba asalembe dzina lokha, alembenso ntchito imene munthuyo amaidziwa ndi chida chimene akusowa. Kawirikawiri chosowacho chimakhala chaching'ono: malo a thandala, benchi pamsika, kalata ya umboni, kapena munthu womuuza kuti ku Salima Technical College ndi ku TEVETA kuli njira yoyesedwera luso limene anaphunzira pantchito, kuti akhale ndi pepala loonetsa pofuna kontirakiti. Mitengo ya ziphaso zamsika, za usodzi ndi za malonda ilembedwe pabolodi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo ipachikidwe pamene aliyense angawerenge, kuti wodulitsa chiphaso kawiri achite manyazi. Wolandira ndalama iliyonse apereke lisiti.

Akuluakulu a maofesi a zausodzi, zamalonda, zachinyamata ndi za kalembera agwirizane tsiku limodzi pamwezi lopita limodzi kugombe, m'malo moti anthu makumi asanu alipire galimoto kubwera ku boma. Tsikulo lisankhidwe mwezi ukamawala, pamene mabwato a usipa sapita pamadzi ndipo anyamata amakhala kumtunda akusoka makoka.